Ndinkabwerera pa Mlambe

Tsiku limene anamwino a pachipatala chathu chaching'ono anandiuza kuti ndiziyenda, ndinayamba ndawayang'ana kumapazi. Anavala tinsapato toyera topanda ndi fumbi lomwe. Ine mapazi anga ndi a munthu amene wagulitsa nsomba kuyambira ali namwali, ming'alu ya kuchidendene ngati dambo la mu Okutobala. Ndiye mwana wobadwa dzulodzuloli andiphunzitse ine kuyenda?

"Amayi, bipi yanu yakwera kwambiri," anatero uku akumasula chilamba chija amatimanga pamkono. "Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sangathe. Muchepetse mchere, ndipo muziyenda tsiku lililonse, theka la ola."

"Ndiziyenda kupita kuti?"

"Kulikonse. Kungoyenda basi."

"Kukatani?"

"Osakachita kanthu. Kulimbitsa thupi."

Ndinatuluka m'chipindamo mutu utaima. Ine ndinakulira kugombe kuno ku Senga Bay, mzime m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ndili mtsikana, ine ndi achemwali anga, oyamba kubadwa kwathu, tinkasenza madengu a usipa wouma kuchoka kudoko mpaka kumsika wa ku Salima wapansi, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Palibe ankati kumeneko n'kulimbitsa thupi. Dzina lake unali umphawi. Pemphero langa masiku amenewo linali limodzi, loti Mulungu adzandipumitse miyendo. Ndipo anandimva. Malonda anakula, ndinakhala ndi mathandala anga oyanikapo nsomba, amuna anga anagula bwato la injini, ine n'kuyamba kukwera kabaza ngakhale popita kutchalitchi, pamtunda woti nkhuku imapita n'kubwera. Thupi linabwera. Anthu ankati, "Koma ndiye mwasalalatu, zikuyenda." Tsopano anamwino akuti chimene ndinapempha kwa Mulungu ndicho chikundipha, ndipo chimene ndinkathawa ndiwo mankhwala ake. Mpaka lero sindinazimvetse bwinobwino.

Ndikanangoseka n'kuiwala pakanapanda achemwali. Zaka zitatu m'mbuyo mwake iwo anagwa akutembenuza utaka pathandala. Sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Anawatengera kumudzi wina wa kumtunda kumene mwana wawo wamkazi anakwatiwa, kuti aziwasamala. Nawonso inayamba ndi bipi yomweyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ine ndinkamva kuti mawa langa layandikira.

Pano ndinene chilungamo, poti ndakalamba ndipo manyazi anachepa. Miyezi yoyamba ndinkapita kukawaona Lamulungu lililonse. Kenako ndinayamba kudumphitsa. Kenako ndinkangotumiza wakabaza ndi nsomba, shuga ndi sopo, ndikumati malonda andipanikiza. Koma sanali malonda. Ndinkachita mantha. Ine ndi achemwali timafanana nkhope kwambiri, moti kuwaona atagona pamphasa, dovu likutsikira pachibwano, kunali kudziona ndekha. Ndikabwerako tulo sindinkatiwona. Pamene anamwino ankandiuza za kuyendazi n'kuti patatha miyezi isanu ndi iwiri ndisanapondeko.

Choncho ndinati ndiyenda, zivute zitani. Vuto linali loti kwathu kuno munthu sayenda popanda kopita. Woyenda chimanjamanja wopanda kopita ndi wamisala, kapena wakuba amene akuzonda mbuzi, kapena mkazi amene wayambana ndi mwamuna wake. Azungu a kumaloji amathamanga mumchenga atavala tikabudula, palibe amawafunsa. Tinawazolowera, timati ndi mmene analengedwera. Koma ine?

Tsiku loyamba ndinatuluka dzuwa litakwera pang'ono. Ndisanathe ngakhale nyumba zitatu, moni unayamba. Ndipo moni wa kuno si wongoti mwadzuka bwanji n'kudutsa ayi. Uyenera kuima, kufunsa za ana, za mwendo umene unkawawa sabata yatha, iwonso akufunse za amuna ako amene ali ku Mbenji kokapha nsomba, ngati atumiza uthenga, ngati mwera wawasautsa. Pomaliza pamabwera funso limene ndinalibe yankho lake.

"Nanga mwalowera kuti?"

"Ndikungoyenda."

"Ee, tikuona kuti mukuyenda. Kupita kuti?"

Theka la ola linatha ndisanatuluke m'mudzi, ndipo thukuta lokhalo limene ndinatuluka linali la manyazi.

Tsiku lachiwiri anandipeza ndi akabaza. Mmodzi, amene ankandinyamula pafupifupi tsiku lililonse, anaima patsogolo panga n'kutsika panjinga, nkhope ili yachisoni.

"Amayi, zikavuta mumanena. Ife ndi ana anu. Kwerani ulere."

Pofika madzulo mbiri inali itamveka kudoko kuti malonda anga agwa, bwato lamira, ndipo ena anati ayi, amuna anga akwatira wina ku Nkhotakota.

Ndiye ndinapeza nzeru. Ndinatenga beseni lopanda kanthu, kuvundikira kansalu, n'kusenza, kuti anthu aziti ndili pa malonda. Zinandibwerera. Aliyense ankandiimitsa, "Muli ndi chiyani, usipa?" Ine kutula beseni, iwo kusuzumira, mbee. Mayi wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kubwerera m'nyumba. Mawa lake ndinaikamo nsomba zenizeni kuti ndisaoneke wopenga, ndipo ndinagulitsa zonse, koma ndinaima nthawi yaitali kuposa imene ndinayenda.

Mwezi utatha ndinabwerera kuchipatala. Chilamba chija chinafufuma, chinaphwa, anamwino anapukusa mutu. Nditawafotokozera mmene ndinkayendera anaseka mpaka anagwira tebulo.

"Amayi, si choncho. Musasenze kanthu. Musaime. Muziyenda mwandawala, mpaka mpweya uzivuta pang'ono, thukuta lituluke. Ndipo muzipita m'mamawa kusanatenthe."

"Nanga moni?"

"Mudzapereka pobwera."

Ndinadziwa pomwepo kuti mwanayu si wa kuno. Komabe ndinakumbukira dovu la achemwali, ndipo ndinati ndimvera zonse, chimodzichimodzi.

Ndinayamba kudzuka kukungoyera kumene. Kuseri kwa nyumba yanga kunali kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa, kotulukira pamsewu wafumbi wopita kumtunda. Ndikadzera kumeneko palibe wa m'mudzi mwathu ankandiona. Msewuwo ndi wa dothi lolimba, si mchenga umene umakubweza m'mbuyo ukamaponda. Ndinkadziuza kuti ndausankha chifukwa chimenecho. Koma ndi msewu womwewo umene umapita kumudzi kumene kunali achemwali. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Polowera m'mudzimo pali mlambe waukulu. Ukaima pamenepo, tsidya la munda umodzi, nyumba ya mwana wa achemwali imaoneka, khonde lake loyang'ana kotulukira dzuwa. Ine ndinkafika pamlambepo, kuugwira ndi dzanja, n'kutembenuka osayang'ana kunyumbako. Anamwino anati ndisaime, ndipo ndinkakondwa kuti anatero. Ndinachita zimenezi masabata atatu. Miyendo inayamba kupepuka, mpweya unasiya kundithera pachitunda, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina mwana uja amadziwa zimene amanena.

Tsiku lina Lachinayi ndinapeza kanjira kanga katatchingidwa ndi minga. Eni munda anatopa ndi mbuzi. Kunali kutayera kale, ndipo sindinafune kuphonya tsiku, choncho ndinati ndingodzera pakati pa mudzi, ndichite changu. Ndinali nditamanga chitenje china m'chiuno kuti choyambacho chisamasuke, kumutu duku lakuda limene ndinangolitola pachingwe, foni nditaisiya pamkeka poti chitenje chilibe thumba.

Woyamba kukumana naye anali aneba, mayi wachisilamu amene tayanika naye nsomba zaka zambiri, thandala lake loyandikana ndi langa. Anali atamaliza swala, pemphero lawo la m'mawa, akusesa pabwalo.

"Mwadzuka bwanji anzanga?"

Ndinakumbukira anamwino. Ndinangokweza dzanja, mutu pansi, n'kudutsa. Pamjigo panali amayi anayi kapena asanu. Nawonso ndinawadutsa ngati sindikuwadziwa. Thukuta linayamba kulowa m'maso, kumandiyabwa, ine ndikumapukuta ndi nsonga ya chitenje uku ndikupuma mwa befu.

Tsopano kwathu kuno, mayi wamkulu akamayenda chotero mamawa, chimanjamanja, atamanga m'chiuno, duku lakuda, osapereka moni, akupukuta m'maso, alunjika kumene kuli m'bale wake wodwala, palibe amafunsa. Aliyense amadziwa kuti kwagwa zovuta. Inenso ndimadziwa zimenezi. Ndikanaona mnzanga akuyenda choncho ndikanasiya tsache pomwepo. Koma tsiku limenelo mutu wanga unali pa bipi.

Ndinafika pamlambe, kuugwira, n'kutembenuka. Pobwerera ndinachita manyazi ndi anthu amene ndinawamana moni aja, choncho ndinazungulira njira ya kudambo, yaitali koma yopanda anthu. Ndinafika kunyumba, kusamba, kumwa tiyi wanga, kumeza mbulu wa mankhwala, n'kupita kudoko. Ndinadabwa kupeza mathandala ali okhaokha. Nsomba zinali m'mabeseni, zosayanika, ntchentche zikuchita ukwati. Amayi anzanga kunalibe ndi mmodzi yemwe.

Bambo wina wachikulire amene amasoka maukonde pansi pa mtengo ataniona anadzuka, kuvula chipewa.

"Pepani amayi. Tamva zovuta."

"Zovuta za ndani?"

Anandiyang'ana modabwa. "Achemwali anu aja. Amayi onse anyamuka kale. Ifetu timayesa inu muli komweko."

Sindikumbuka ngati ndinawayankha. Ndikukumbuka kuti mchenga unali wotentha ndipo ine ndinamva kuzizira. Ndinathamangira kunyumba kukatenga foni, kuimbira mwana wa achemwali, foni yake yothima. Kumeneko magetsi kulibe, imakhala yothima masiku ambiri, koma tsiku limenelo ndinati wathimitsa chifukwa cha maliro. Pasiteji kabaza panalibe ndi mmodzi yemwe, onse anali atanyamula amayi aja. Ine amene ndinkakana kabaza masabata onsewa, tsiku limene ndinamufuna sanapezeke.

Ndinayenda. Sindinayendepo chotero moyo wanga wonse, ngakhale masiku a madengu. Njira yonse mutu unkangozungulira pa chinthu chimodzi. Ndinali pamlambe mamawa womwe uno. Kodi nthawi imeneyo anali akupuma? Kodi pamene ndinkagwira mtengo ndi pamene ankatsirizika, tsidya la munda umodzi, ine n'kuwapatsa msana? Ndinkafuna kulimbitsa thupi kuti ndisafe ngati iwo, ndipo ndawasiya afe okha. Nanga uthenga unafika bwanji kwa anthu onse, ine mwini wake osamva? Chimenecho chinkandizunguza, koma ndinalibe nthawi yochiganizira.

Nditafika pamlambe miyendo inafuna kutembenuka yokha, poti inazolowera. Ndinachita kuikakamiza. Ndipo monga timachitira tikayandikira pasiwa, ndinayamba kubuma.

"Mayo achemwali ine! Mwandisiya ndi yani ine!"

Palibe anandilandira kulirako. Pamaliro ukafika ukulira, amene ali m'nyumba amayankha, koma apa kunali zii. Ndinaona amayi a m'mudzi mwathu atakhala pansi pa mtengo wa mango, mitolo ya nkhuni ili apo, timabeseni ta ufa tili apo, onse mitu pansi ngati ana amene agwidwa akuba shuga. Aneba anadzuka n'kundithamangira, kundigwira pakamwa.

"Khalani chete, anzanga! Ali moyo!"

"Ndani?"

"Achemwali anu!"

"Nanga wamwalira ndani?"

"Palibe."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. "Nanga uthenga anabweretsa ndani?"

Aneba anayang'ana anzawo, anzawo anayang'ana pansi. "Wallahi, anzanga, ndinu."

"Ine? Ine ndamva kwa abambo osoka maukonde!"

"Iwowo amva kwa ife."

"Inuyo mwamva kwa yani?"

"Kwa inu. Mmene munadutsira muja. Duku lakuda, misozi ili mbwembwembwe, moni osayankha. Ine ndinangoti Inna lillahi, monga timanenera ife tikamva za imfa, n'kutaya tsache. A pamjigo nawo anati akuonani. Tinati tisadikire kulengeza, mnzathu asakhale yekha."

"Sinali misozi, linali thukuta!"

"Thukuta la chiyani mamawa?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinanena za bipi, za anamwino, za theka la ola, za kusaima. Ndinati ndimalimbitsa thupi. Amayi onse anandiyang'ana, kuyang'ana thupi langa, kuyang'anana. Mmodzi anafunsa, osati monyoza koma mofunadi kudziwa, "Thupi lonseli lilimbenso bwanji?" Wina anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka, kenako onse anaphulika, ena akupukuta misozi ya maliro yomwe ija.

Amene sanaseke anali mwana wa achemwali. Anatuluka m'nyumba maso ali ofiira, n'kugwada pafupi nane.

"Amayi aang'ono, mayi akukuitanani. Koma mudziwe kuti alira kwambiri. Anali pakhonde akumwa phala pamene anthuwa amafika akubuma. Ataona kuti ndi a kwanu, inu palibe, anati mwagwa panjira. Anati mwamwalira ndinu."

Ndinalowa. Anali atawakhazika pamphasa, atatsamira khoma, dzanja lakufa lija lili pamwendo. Anali ataonda kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinagwada patsogolo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu ndi itatu ndinawayang'ana kumaso. Anandigwira tsaya ndi dzanja lamanzere, kulitsina ngati akuyesa nsomba ngati ili yaiwisi. Mawu awo amatuluka pang'onopang'ono, ndipo umafunika kudekha kuti uwamve.

"Uli moyo."

"Ndili moyo, achemwali. Inunso."

"Ndinakuona mamawa."

Ndinaweramitsa mutu.

"Pamlambe. Dzulonso. Dzana." Anapuma. "Mwanayu amandikhazika pakhonde kuti ndiothe dzuwa. Ndimakuona."

"Patali ponse paja mungandizindikire bwanji?"

"Mayendedwe ako. Ndinakuphunzitsa kuyenda ndine."

Ndi zoona. Mayi athu ankakhala kudoko tsiku lonse, ndipo amene anandibereka kumsana, n'kundigwira manja pamene ndinkayamba kuponda, anali iwowa.

"Ndikakuona ndimamuuza mwanayu, ika madzi a tiyi pamoto, lero afika." Anameza malovu movutikira. "Amaika. Amawira. Amaphula."

Ndinayang'ana mwana uja pakhomo. Anagwedeza mutu kuvomereza, n'kuyang'ana kumbali. Masabata atatu, mamawa ulionse. Sindinamvepo manyazi otero chibadwire. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chopusa.

"Anamwino anati ndisamaime."

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera m'mwamba, ndipo ndinazindikira kuti akuseka.

"Ine ndinaima," anatero. "Yenda, usaime. Koma uzifika."

"Ndinkaopa, achemwali. Ndikakuonani ndimaona ine."

"Ndikudziwa. Inenso ndikakuona ukuyenda ndimaona ine." Anatambasula dzanja. "Tandidzutsa. Anthu abwera kumaliro anga, ndikawathokoze."

Ndinalowetsa phewa langa kukhwapa kwawo, mwana wawo anagwira mbali inayo, tinawaimiritsa. Anali opepuka, dengu la usipa limalemera. Phazi lamanzere linkaponda, lamanja linkakhwekhwereza. Kuchoka pamphasa kufika pakhomo tinatenga nthawi yoti ine ndikanafika pamlambe n'kubwerako. Titatulukira pakhonde amayi aja anasiya kuseka, ndipo aneba anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono, onse n'kutsatira. Nkhuni ndi ufa zija palibe analimba mtima kubwerera nazo.

Mwezi wotsatira anamwino anati bipi yatsikako, ngakhale si kwambiri. Anandifunsa ngati ndikuyenda osaima. Ndinati ndimaima kamodzi, pakati pa ulendo, ola lathunthu, ndipo ndimamwa tiyi. Anakanda m'mutu n'kunena kuti si mmene zimayenera kukhalira, koma ndipitirize. Sindidziwa ngati zimene ndimachitazi ndiko kulimbitsa thupi kumene ankanena. Duku lakuda ndinalisiya, ndimavala lamaluwa, ndipo moni ndimaponya ndikuyenda. Akandifunsa kuti ndalowera kuti, tsopano yankho ndili nalo. Ndikafika pamlambe sindiugwiranso, ndimakweza dzanja, ndipo tsidya la munda, pakhonde paja, dzanja lamanzere limakwera.